Mafunso ndi mayankho: mungaphunzire kuti ntchito ya interior design muli kuno kuchigwa cha Shire?

Chiyambireni ntchito yokonza mkati mwa nyumba za anthu, sipatha mwezi osakumana ndi funso lomweli. Wina amandiimitsa pamsika pa Nchalo, wina amalemba pa WhatsApp usiku, nthawi zina ndi kholo lomwe mwana wake wangolemba kumene Folomu 4 ndipo amangokhalira kuona zithunzi za mabalaza okongola pafoni. Onse amafuna kudziwa kuti ntchito imeneyi amaphunzira kuti, ndipo munthu wa ku Chikwawa kapena ku Nsanje angayambire pati. Ine ndinayambira pa makina osokera, kusoka makatani ndi mapilo a m'mipando, kenako ndinakwera ku Blantyre kukaphunzira kuyeza ndi kujambula mapulani. Safunsa anadya phula, ndiye mafunso amene ndimamva kawirikawiri ndawaika pamodzi pano.

Kodi interior design ndi yomwe ija ya madeko a paukwati?

Ayi, ngakhale ambiri amaziphatikiza. Wa madeko amamanga nsalu, maluwa ndi mabaluni mu holo Lachisanu usiku, pofika Lamlungu zonse zapasulidwa. Wa interior design amaganizira chipinda chomwe anthu adzakhalemo zaka 20: chitseko chitsegukire mbali iti, bedi likhale pati kuti kamphepo ka pawindo kamufike wogona, masoketi a magetsi akhale angati ndiponso pati, kabati ya kukhitchini italike bwanji kuti wophika asamawerame mpaka msana kuwawa. Penti ndi makatani, zomwe ambiri amayesa kuti ndiye ntchito yonse, zimabwera kumapeto.

N'chifukwa chake ntchitoyi ili ndi manambala ake oyenera kukhala m'mutu. Tebulo lodyera limatalika pafupifupi mamilimita 750 kuchoka pansi, pokhalira pa mpando 450, pamwamba pa kabati yophikirapo 900. Mukaphonya ndi masentimita asanu okha, wodya amamva m'mapewa ngakhale sangathe kunena chomwe chalakwika.

Palinso malire. Pulani ya nyumba yonse, maziko ndi denga ndi za architect ndi injiniya, ndipo ma architect kuno amalembetsedwa ku Board of Architects and Quantity Surveyors. Kasitomala akati mugwetse khoma kuti pabalaza pakule, musagwire hamala musanaitane wodziwa ngati khomalo lasenza denga kapena ayi.

Nanga ku Malawi kuno kuli sukulu yake?

Digiri yolembedwa kuti interior design payokha si yofala kuno. Ambiri amene akugwira ntchitoyi mu Blantyre ndi Lilongwe analowera pakhomo lina.

Khomo lalikulu ndi MUBAS ku Blantyre, yomwe tinkaitcha Polytechnic isanapatuke ku University of Malawi mu 2021. Kumeneko kuli maphunziro a architecture ndi quantity surveying (kuwerengera katundu ndi ndalama zomangira). Wophunzira architecture amatuluka akudziwa kujambula pa sikelo, kuwerenga mapulani, kayendedwe ka kuwala ndi mphepo m'nyumba, ndiponso kujambula pa kompyuta. Kuchoka apo kulowa za mkati mwa nyumba sikuvuta. Koma malo ndi ochepa, osankhidwa amadzera ku NCHE (bungwe loyang'anira maphunziro apamwamba), ndipo MSCE yanu iyenera kukhala ndi makirediti osachepera 6 kuphatikizapo Chingerezi, masamu ali olimba. Ku University of Malawi ku Zomba kuli fine art, yomwe imanola diso pa mitundu ndi dzanja pa kujambula, koma za miyeso ndi zipangizo zomangira mudzakazitola kwina.

Khomo limene ndimalozera achinyamata ambiri a kuno ndi la ntchito zamanja. TEVETA, nthambi yoyang'anira maphunziro a ntchito zamanja yomwe inakhazikitsidwa mu 1999, imalengeza chaka ndi chaka kuti ikulemba ophunzira opita m'makoleji monga Soche ku Limbe, Nasawa ku Zomba, Namitete, Lilongwe, Salima, Mzuzu ndi Livingstonia. Kwa ife yapafupi ndi Soche, mukangokwera zitunda kuchoka pa Thabwa mwayandikira. Pa mndandanda wawo yang'anani Carpentry and Joinery, Painting and Decoration, Tailoring and Fashion Design, ngakhalenso Electrical Installation. Iliyonse mwa izi ndi chiwalo cha ntchito yathuyi. Kalipentala amadziwa makabati, zitseko ndi siling'i. Wopenta amadziwa kukonza khoma lisanalandire penti. Telala amadziwa nsalu, kagwedwe kake ndi kuchuluka kwake, monga kuti katani yooneka bwino imadya nsalu pafupifupi kawiri m'lifupi mwa windo.

Kuyambira mu 2015 boma linayambanso kutsegula makoleji a ntchito zamanja a m'madera, ndipo ku Tengani ku Nsanje iliko imodzi. Pitani nokha mukafunse zomwe akuphunzitsa chaka chino, chifukwa zimasiyana koleji ndi koleji.

Maganizo anga ndi awa. Munthu amene sanapalepo thabwa, sanasokepo katani, sanagwirepo bulashi, amavutika kulamula amisiri. Amajambula kabati yosatheka kupanga, ndipo kalipentala akamuuza kuti matabwa 10 atha, sadziwa ngati ndi zoona. Amene ali ndi ntchito imodzi m'manja amalankhula nawo chinenero chimodzi, ndiponso amadya pamene makasitomala a design sanayambe kubwera.

Ndikadali ku sekondale. Ndilimbikire maphunziro ati?

Masamu poyamba. Chipinda cha mamita 4 m'litali ndi 3 m'lifupi chili ndi masikweya mita 12. Matailosi a 600 kwa 600 alowamo 34, ndipo muwonjezere limodzi pa 10 alionse chifukwa ena amasweka podula. Wolephera kuwerengera zotere amagulitsa kasitomala katundu wotsala kapena kudya phindu lake lomwe. Chingerezi chikufunika chifukwa mabuku, mapulogalamu a pa kompyuta ndi malangizo a pachitini cha penti zonse zili m'Chingerezi. Ngati sukulu yanu ili ndi Technical Drawing, Woodwork, Clothing and Textiles, Creative Arts kapena Computer Studies, tengani mosazengereza. Ma CDSS ambiri kuno alibe maphunziro amenewa, koma kope, pensulo ndi rula zimapezeka pagolosale iliyonse. Jambulani mpando wa m'kalasi mwanu kutsogolo, m'mbali ndi pamwamba, ndi miyeso yake.

MSCE sinandiyendere bwino. Basi zatha?

Njira ikadalipo. Pa Dyeratu, Nchalo, Ngabu, Bangula ndi pa boma la Nsanje pali akalipentala, atelala, okonza masofa ndi owotcherera zitsulo, ndipo kuphunzira m'manja mwa mmisiri ndi njira yomwe yalera anthu ambiri kuposa koleji iliyonse. Chofunika ndi kusankha mmisiri wake. Musatengeke ndi kuwala kwa vanishi. Kokani madilowa muone ngati akuyenda osakakamira. Tembenuzani mpando muone ngati miyendo yalowetsedwa m'mabowo ndi guluu kapena yangokhomedwa misomali. Funsani ngati amayanika matabwa asanawagwiritse ntchito, chifukwa thabwa laliwisi limapindika likakumana ndi dzuwa la kuno.

Musapite nokha. Pitani ndi bambo, mayi kapena malume, ndipo mawu amveke poyera: "Bambo, mwana uyu tikufuna aphunzire ntchito m'manja mwanu. Tigwirizane kuti akhala miyezi ingati, tilipira zingati, ndipo pofika Disembala akhale atadziwa chiyani." Ndikunena izi chifukwa ndaona anyamata akutha chaka chathunthu akungokwecha matabwa ndi sandipepa ndi kutumidwa kumsika, osaloledwa kugwira tepi ngakhale tsiku limodzi. Zimandipweteka mtima, chifukwa chaka cha mnyamata sichibwerera.

Ntchito ikalowa m'manja, kafunseni ku TEVETA za ndondomeko yotchedwa Recognition of Prior Learning. Imeneyi imayesa luso lomwe munthu anaphunzira kunja kwa kalasi n'kumupatsa satifiketi. Pepala limenelo limathandiza mukafuna ntchito ku kampani yomanga kapena mukafuna kupitiriza maphunziro.

Komabe dziwani kuti mmisiri akuphunzitsani kupanga chinthu chimodzichimodzi, bedi, kabati, sofa. Kuona chipinda chonse pamodzi ndi kuchijambula papepala mudzakuwonjezera nokha, kudzera m'maphunziro aafupi kapena pa intaneti.

Pa Facebook ndikuona makoleji olengeza dipuloma ya interior design ya miyezi yochepa. Ndiwakhulupirire?

Ena ndi abwino, ena ndi chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Musanatulutse ndalama, fufuzani ngati sukuluyo inalembetsedwa. Za ntchito zamanja zimalembetsedwa ku TEVETA, za maphunziro apamwamba ku NCHE, ndipo mabungwe awiriwa amatulutsa mayina a sukulu zovomerezeka. Funsaninso kuti satifiketi idzachokera kwa ndani, ku bungwe loyesa mayeso lodziwika kapena kwa mwini sukulu yekha.

Kenako kwerani minibasi mukaone ndi maso. Kodi muli matebulo ojambulirapo? Makompyuta ndi angati, ophunzira ndi angati? Mphunzitsi angakuonetseni nyumba yomwe anakonza yekha? Amatumiza ophunzira ku atachimenti? Pemphani kulankhula ndi wina amene anamaliza chaka chatha.

Mwana wa mchemwali wanga analipira miyezi itatu pa sukulu ina mumzinda. Inali chipinda chimodzi pamwamba pa sitolo, phunziro lililonse kunali kuonera zithunzi pa sikirini, ndipo anabwera kunyumba osadziwa kuti sikelo ya 1:50 imatanthauza chiyani. Ndalamazo zinali za mbuzi ziwiri zomwe mayi ake anagulitsa. Kuyambira pamenepo ndimauza aliyense kuti alipire ku akaunti ya banki ya dzina la sukulu, alandire lisiti, ndipo akamuuza kuti atumize ku nambala ya foni ya munthu, abwerere.

Kosi ya masabata awiri si yoipa ngati mukudziwa kuti mukukagula chinthu chimodzi, monga kuika siling'i ya gypsum kapena kuyala matailosi. Ikayamba kulonjeza kuti mutuluka muli designer wathunthu, samalani.

Bwanji kuphunzira pa intaneti?

Ndi njira yeniyeni, ndipo kwa munthu wa ku Makhanga kapena ku Chapananga amene sangakwanitse lendi ya mu Blantyre, mwina ndiyo yokhayo yofikira maphunziro a design enieni. Pali zaulere ndi zolipira.

Zaulere zili pa YouTube, ndipo pa Coursera pali makosi ena omwe mungapemphe thandizo la fizi. Vuto la zaulere ndi lakuti palibe wokudzudzulani. Mukhoza kuonera mavidiyo 100 koma dzanja lanu osasintha. Choncho vidiyo iliyonse ithere pa kujambula kanthu, ndipo chojambulacho mukachionetse kwa mmisiri kapena womanga nyumba.

Zolipira zilipo monga National Design Academy ya ku Nottingham ndi KLC School of Design ya ku London, zomwe zimaphunzitsa munthu ali kwawo, mphunzitsi n'kumachonga ntchito yake. Apa nkhani ndi ndalama zakunja. Fizi ndi ya mapaundi, pamafunika khadi la banki lotha kulipira kunja, ndipo mukumbukire kuti mu Novembala 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi. Amene ankalipira pang'onopang'ono anadzuka ngongole yawo itakula. Ngati mwasankha njira imeneyi, werengerani mtengo wa kosi yonse, osati gawo loyamba lokha.

Za mapulogalamu ojambulira: Sweet Home 3D ndi yaulere, imagwira popanda intaneti ngakhale pa laputopu yakale, ndipo ndi yabwino poyambira. SketchUp ili ndi mtundu waulere koma umafuna netiweki nthawi zonse. AutoCAD ndi yomwe maofesi a mapulani amafuna kuti muidziwe, ndipo kampani ya Autodesk imapereka mwaulere kwa ophunzira a m'sukulu zovomerezeka. Foni yokha ikhoza kukuyambitsani, koma pulani yoti mmisiri agwirire ntchito imafuna laputopu kapena pepala ndi rula.

Magetsi ndi bandulo muziganizire pasadakhale. Tonse tikukumbuka mmene mdima unalili namondwe Ana atawononga damu la Kapichira mu Januwale 2022. Koperani maphunziro pamene netiweki ili bwino, muwasunge pa fulashi, ndipo ngati mungathe pezani kasola kotchajira.

Ndikufuna digiri yeniyeni ya interior design. Ndipite dziko liti?

Ambiri amayang'ana ku South Africa. University of Johannesburg, Durban University of Technology, Tshwane University of Technology ndi Cape Peninsula University of Technology zimaphunzitsa interior design, ndipo palinso sukulu zoyima pazokha monga Inscape ndi Greenside Design Center. Mapepala anu a ku Malawi amayenera kuyamba adzera ku SAQA, bungwe la kumeneko loona za masatifiketi, kuti awayerekeze ndi a kumeneko, mudzafunika viza ya maphunziro ndi inshuwalansi ya chipatala, ndipo lemberani sukuluyo msanga mufunse ngati MSCE yokha ikukwanira, chifukwa pa digiri kawirikawiri amafuna zoonjezera. Pafupifupi onse amafunanso kuona zojambula zanu asanakulandireni.

Musaiwale Tanzania. Ardhi University ku Dar es Salaam ili ndi interior design, ndipo Dar ndi mzinda wotentha. Zomwe mungaphunzire kumeneko za mphepo ndi mthunzi zimafanana ndi mavuto athu kuposa za ku Cape Town.

Chenjezo limodzi kwa amene ali ndi achibale kujoni: kupita ngati mlendo n'kumayembekezera kuti za sukulu mukazikonzera komweko kwasokoneza ambiri. Kalata yokulandirani ikhale m'manja musananyamuke.

Fizi ndiipeza kuti?

Osankhidwa ku yunivesite yovomerezeka akhoza kupempha ngongole ku Higher Education Students' Loans and Grants Board. Olowa m'makoleji a ntchito zamanja kudzera ku TEVETA amalipira zochepa poyerekeza ndi olowa paokha, ndiye tcherani khutu pa wailesi ndi m'nyuzipepala nthawi yolemba ikafika. Funsaninso ku ofesi ya za achinyamata ndi ya zantchito pa boma. Otsalafe timadzilipirira ndi manja: makatani a nyumba imodzi, kupenta sitolo, madeko a chinkhoswe Loweruka. Madeko aja musawanyoze, ambiri agulira laputopu momwemo.

Kodi zomwe ndiphunzire kusukulu zigwira ntchito kuno kuchigwa?

Miyeso ndi kajambulidwe zigwira paliponse. Koma zithunzi zambiri za m'mabuku ndi pa Pinterest ndi za mayiko ozizira, kumene munthu amafuna chipinda chosunga kutentha. Kuno mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40, ndipo amene angokopera zithunzizo amapanga uvuni. Kapeti ya khoma ndi khoma, makatani olemera a veleveti, sofa ya rekisini yomwe imamata pakhungu n'kuyamba kusupuka chaka chisanathe, zonsezi ndaziona m'nyumba za anthu amene analipira ndalama zambiri, eni ake n'kumakhala pakhonde tsiku lonse.

Phunziro loyamba la kuno ndi mphepo. Mawindo akhale moyang'anizana kuti mpweya ulowe uku n'kutulukira uko, ndipo kabati yaitali isaime panjira yake. Nyumba ya malata yopanda siling'i imawotcha mutu, koma siling'i yopanda potulukira mpweya wotentha wa pamwamba pake imathandiza pang'ono chabe. Windo loyang'ana kumadzulo limafuna mthunzi wa panja, khonde kapena mtengo, chifukwa katani imatchinga dzuwa litalowa kale m'galasi. Penti yowala imachepetsa kufunika kwa nyale masana. Ndipo popeza udzudzu wa m'mbali mwa Shire ndi dambo la Elephant Marsh sutha, waya wa udzudzu pawindo ndi pokoleka neti ziyenera kukhala pa pulani kuyambira pachiyambi, osati misomali yokhomedwa mwachisawawa pa siling'i yatsopano.

Lachiwiri ndi madzi. Amene anaona madzi osefukira a 2015, anamondwe Idai mu 2019, Ana mu 2022 ndi Freddy mu 2023 safunika kuuzidwa. Ine ndinapangitsa makabati a khitchini a MDF (bolodi ya utuchi wopanikiza) m'nyumba ina kufupi ndi Bangula, okongola ndithu, ofika pansi penipeni. Madzi atalowa mpaka m'akakolo, bolodi yonse ya m'munsi inafufuma ngati buledi wonyowa, ndipo mayi wa nyumbayo anataya zonse. Kuyambira tsiku limenelo, kumalo kofika madzi ndimaika makabati pa kachiunda ka simenti kapena pa miyendo yachitsulo, pansi matailosi kapena simenti yosalala, masoketi m'mwamba, ndiponso shelefu imodzi yaitali yosungirapo mapepala a sukulu, a chipatala ndi a malo. Palibe buku la design lomwe linandiuza za shelefu imeneyo.

Kuli chiswe, chomwe chimadya paini wosathira mankhwala mwakachetechete mpaka chitseko kutsala chikopa chokha. Kuli madera amene madzi a pansi ndi amchere, makoma amatuluka zoyera ndipo penti imafunduka, kotero kupaka ina pamwamba osathana ndi chinyontho ndi kutaya ndalama. Cha ku Ngabu kuli dothi lakuda la makande lomwe limafufuma m'dzinja n'kung'ambika m'chilimwe, makoma n'kumachita ming'alu, ndipo musanayale matailosi muyenera kudziwa ngati pansipo pakhazikika.

Chigwachi chilinso ndi chuma chake. Mikeka ya mlaza, mphasa za bango, nsungwi, mbiya ndi madengu ndi zinthu zopuma mpweya, zotsika mtengo, ndipo oluka ake ali m'midzi mwathu momwemu. Mphasa yolukidwa bwino imakhala siling'i ya pakhonde kapena chotchinga dzuwa. Khalani tsiku limodzi ndi agogo oluka mikeka, muwafunse kuti mlaza amadula liti ndipo amauyanika bwanji. Limenelo ndi phunziro lomwe mnzanu wa ku Johannesburg alibe.

Akuti ndikhale ndi portfolio. N'chiyani, ndipo ndiipeza bwanji ndisanagwirepo ntchito?

Ndi mulu wa ntchito zanu woonetsa zomwe mumatha. Sukulu zakunja zimaufuna, maofesi amaufuna, ndipo kasitomala wa pa Ngabu sadzakufunsani satifiketi, adzati, "Tandionetsani zomwe munapangapo."

Yambirani pomwe muli. Chipinda chanu, saluni ya mchemwali wanu, okala ya malume, ofesi ya kutchalitchi. Jambulani chithunzi musanakhudze kanthu, mutaima pakona. Mukamaliza, kaimeninso pakona yomweyo nthawi yomweyo ya tsiku. Pambali pa zithunzi ziwirizo ikani pulani yomwe munajambula, mndandanda wa zomwe munagula ndi mitengo yake, ndi mizere itatu yofotokoza vuto lomwe linalipo: munali mdima, makasitomala ankagundana pakhomo, katundu ankasowa poika. Ntchito zisanu zofotokozedwa chonchi zimaposa zithunzi 50 zopanda mawu.

Zinthu ziwiri musachite. Musaike chithunzi cha pa intaneti ngati chanu, chifukwa tsiku lomwe adzati mupange chomwecho mudzachita manyazi, ndipo kuno mbiri imayenda msanga kuposa kabaza. Musaikenso pa Facebook chipinda chogona cha munthu musanamupemphe. Ena safuna kuti anthu adziwe zomwe ali nazo m'nyumba, ndipo ali ndi zifukwa zomveka.

Ndikamaliza, ntchito ndiipeza kuno kapena ndisamukire ku Blantyre?

Ntchito yolembedwa ya pamwezi ili mumzinda, m'maofesi a ma architect, m'makampani omanga ndi m'masitolo a mipando, makhitchini ndi matailosi. Chaka chimodzi kapena ziwiri kumeneko n'zothandiza, chifukwa mumaphunzira kulemba kotesheni, kusunga nthawi ndi kudziwa kogula katundu ku Limbe ndi ku Ndirande.

Koma kuno anthu akumanga. Ogwira ntchito ku Illovo ku Nchalo, aphunzitsi, anamwino, ochita malonda a ng'ombe ndi thonje, ndi abale athu a kujoni amene amatumiza ndalama zomangira kumudzi, onsewa amafika pomwe nyumba yafoleredwa n'kusowa wowauza chochita mkatimo. Kuli malo ogona alendo, malesitilanti, masaluni, maofesi a mabungwe, ndiponso alendo obwera ku Majete ndi ku Lengwe amene amafuna kugona m'chipinda chooneka kuti ali kuchigwa cha Shire. Ntchito ya ngalande yaikulu ya Shire Valley Transformation Programme yabweretsanso anthu ofuna nyumba za lendi zooneka bwino.

Chovuta n'chakuti ambiri kuno sanazolowere kulipira maganizo okha. Amalipira chinthu chogwirika. Choncho poyamba mtengo wa design umalowa mu makatani, makabati kapena penti yomwe mwagwira. Pang'onopang'ono yambani kuulemba pa mzere wakewake mu kotesheni kuti azolowere, ndipo musagule katundu ndi ndalama zanu dipoziti isanabwere.

Makolo anga akuti ukalipentala ndi kupenta si za mtsikana. Ndiwayankhe bwanji?

Musakangane nawo. Atengeni akaone koleji, chifukwa m'makalasi amenewa atsikana alimo ndipo TEVETA imawalimbikitsa kulembetsa. Akonzereni chipinda chimodzi pakhomo pomwepo. Ndipo auzeni kuti amene amasankha za kukhitchini ndi kuchipinda m'nyumba zambiri ndi amayi, omwe amamasuka kufotokozera mzimayi mnzawo zomwe akufuna.

Lero ndilibe fizi, ndilibe laputopu. Ndiyambe ndi chiyani?

Gulani tepi ya mamita 5. Yezani chipinda chomwe mumagona, khoma lililonse, windo, chitseko, ndi kutalika kuchoka pansi kufika kudenga. Chijambuleni pa sikelo ya 1:50, kutanthauza kuti masentimita 2 papepala akuimira mita imodzi. Dulani timapepala toimira bedi, tebulo ndi sutikesi pa sikelo yomweyo, muzitisuntha mpaka mutapeza malo oika shelefu popanda kutchinga windo. Kenako jambulani shelefuyo payokha ndi miyeso yake yonse, mupite nayo kwa kalipentala wapafupi, mumufunse kuti, "Bambo, mungapange ichi osandifunsa kanthu?" Akafunsa kuti thabwa likhale lokhuthala bwanji kapena mashelefu atalikirane motani, lembani funsolo kuseri kwa pepala, mubwerere kunyumba mukajambulenso.